Tifunseni: Amutcha mwana wanga mbuzi pa Facebook, ndikawaone makolo ake?

Mwezi uno mafunso ambiri omwe alowa ndi a Chizungu, china cha ana chomwe makolo sakuchimva, china cha m'kalasi chomwe anawo sakuchimva. Ochuluka achokera ku Ntcheu ndi ku Dedza, kaya nkuziziraku anthu akungokhala pa foni m'bulangete. Ena ndawadulako poti anatalika. Mayina sitilemba, mukudziwa kale.

FUNSO: Zikomo alembi. Ine ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Mwana wanga wachisamba amasewera mpira timu ya kwathu konkuno, nde Lamulungu lapitali anachinya zigoli ziwiri. Mlongo wake anandionetsa pa Facebook mnzake wina ataika chithunzi cha mwana wangayo nkulemba kuti "the GOAT" nkuikanso kachithunzi ka mbuzi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7 koma goat ndimaidziwa kuti ndi mbuzi. Chandiwawa nchakuti mnyamata walembayo amadya pakhomo panga. Ndipite kwa makolo ake kapena ndingomusiya? Mayi wa ku Lizulu.

YANKHO: Mayi, chitenje mwamanga m'chiunocho masulani, ndipo mnyamatayo akabwera mumuonjezere ndiwo chifukwa sanatukwane ayi, wamutamanda mwana wanu kuposa mmene inuyo mungamutamandire. GOAT ameneyu si mbuzi yodya chimanga cha eni, ndi zilembo zoyamba za mawu anayi, greatest of all time, kunena kuti katswiri woposa onse chiyambire, kapena tingoti dolo wa madolo. Kachithunzi ka mbuziko amangoika poti zilembozo zikalumikizana zikuwerengeka ngati dzina la mbuzi, nthabwala yake ndi yomweyo basi.

Nkhaniyi ili ndi mizu ku nkhonya. Muhammad Ali ankakonda kudzitama yekha kuti iye ndi the greatest, ndipo mu 1992 mkazi wake Lonnie analembetsa kampani yotchedwa G.O.A.T. Inc yoyang'anira za dzina la mwamuna wakeyo. Oimba ndi okonda masewero ku America anawatola mawuwa, pano afika mpakana pa Lizulu. Mukamva anyamata akukangana mu vidiyo sho za Messi ndi Ronaldo nkhani imakhala yomweyi yakuti GOAT ndani, ndipo Argentina itatenga World Cup ku Qatar mu 2022 otsatira Messi anangoti mlandu watha, a kwa Ronaldo mpaka lero sanavomere. Kale ku America komweko goat pa masewero anali munthu amene waluzitsa timu, uja wophonya mphindi yomaliza, nde onani mawu omwewo anatembenuka kuchoka kunyoza kufika kutamanda.

Koma apa tcherani khutu mayi. Akanalemba kuti "you are a goat", ndi a komanso zilembo zazing'ono, pamenepo bwenzi ndikukuperekezani ndekha kwa makolo akewo. Timawu tiwiri iti, a ndi the, aphunzitsi amati ma article, ife m'Chichewa tilibe nde timangotidumpha kapena kutiponya paliponse, koma a ndi chimodzi mwa zambiri pomwe the ndi chija chodziwika, chimodzi chokhacho. Mwana wamkaziyo ngati ali ku sekondale mumuuzenso kuti mawu opangidwa ndi zilembo zoyamba chonchi amatchedwa acronym. Tili nawo ambiri konkuno, ADMARC yomwe tonse timangoti Adimaki, ESCOM, MANEB, timawatchula ngati dzina la munthu. MBC ndi MRA timatchula chilembo chimodzichimodzi, amenewo ena amawapatula nkumati initialism. Ndipo wochinya zigoliyo asakayese kuuza malume ake kuti ndinu GOAT, kwathu kuno mbuzi ikadali mbuzi kwa aliyense amene ali ndi imvi.

FUNSO: Ndili Fomu 4 pa CDSS ina kuno ku Mayani. Aphunzitsi anatiuza za gerund ndi present participle koma ine ndikungoona -ing paliponse, kusiyana kwake sindikukuona. Mnzanga akuti ungoloweza. Mayeso a MANEB ayandikira ndipo mukudziwa kuti ukalephera Chizungu satifiketi ya MSCE palibe. Ndithandizeni mwachidule. Mnyamata wa ku Mayani.

YANKHO: Mwanawe, mwachidule sizitheka koma khala pansi. Mnzakoyo usamumvere, gerund umaidziwa kale, umaiyankhula tsiku ndi tsiku, kungoti palibe anakuuza kuti m'Chizungu dzina lake ndi limeneli. Tenga chiganizo ichi: kulima kachewere kumafuna ndalama. Mawu akuti kulima achokera ku mneni, koma apa akugwira ntchito ya dzina, ndiwo mwininkhani wa chiganizo chonse, nchifukwa chake tikuti kumafuna kugwirizana ndi ku- uja. Pa phunziro la Chichewa munakumana nawo mayina a gulu la Ku- kuphatikiza tsinde la mneni. Eya, gerund ndi yomweyo, growing potatoes needs money. Mneni wovala -ing koma akugwira ntchito ya dzina.

Participle ndi -ing yemweyo koma ntchito ina. Mu the woman is selling cabbage, selling ndi mbali ya mneni, akutiuza zomwe mayiyo akuchita pano. Mu a crying baby, crying ndi mfotokozi, akufotokoza mwanayo. Ukasokonezeka m'mayeso chita ichi, chotsa mawu a -ing aja uikepo dzina lililonse, ine ndimakonda kuikapo nsima. I enjoy swimming isanduka I enjoy nsima, zikumveka, nde imeneyo ndi gerund. She is swimming isanduka she is nsima, zopanda mutu, nde ndi participle. Usakalembe nsima papepala la mayeso koma, uziyesera mumtima.

Pomwe ambiri amagwa si pa dzinalo ayi, ndi malo omwe gerund imayenera kukhala. Mneni wotsatira mperekezi amakhala gerund nthawi zonse, good at cooking, tired of waiting, without asking. Msampha waukulu ndi I look forward to meeting you, anthu akuluakulu a madigiri amalemba to meet you m'makalata ofunsira ntchito poganiza kuti to aliyense amatsatidwa ndi mneni wosavala kanthu, pomwe to ameneyu ndi mperekezi. Chimodzimodzi I am used to waking up early, kunena kuti ndinazolowera kulawirira, zosiyana ndi I used to wake up early, kunena kuti kale ndinkalawirira pano ndinasiya. Aneni ena monga enjoy, avoid, finish, mind ndi deny amafuna gerund basi, amenewa nde ungaloweze, mnzako uja apa pokha wanena zoona. Ndipo uonetsetse stop. The driver stopped drinking ndi nkhani yabwino, adalaivala asiya mowa. The driver stopped to drink ndi kuti aimika minibasi pa Chimbiya kuti akamwe kaye, tsikani mukwere ina.

FUNSO: Bwenzi langa linapita ku Joni chaka chatha. Poyamba tinkayankhulana tsiku lililonse, pano mameseji akungoonetsa kuti wawerenga koma osayankha, status nde amaika. Anzanga ku saluni akuti wandipanga ghost, wina akuti ayi imeneyo ndi gaslighting. Zoona ndi ziti ndipo zikutanthauza chani? Mtsikana wa pa Ntcheu boma.

YANKHO: Achemwali pepani, oyambawo ndi amene alondola. Ghost ndi mzukwa, nde ghosting ndi kungozimiririka osatsanzika, simunakangane, sananene kuti chibwenzi chatha, angoti zii. Agogo athu anazidziwa izi mafoni asanabwere, amuna opita ku Wenela kapena ku Halale osalembanso kalata osabweranso ankatchedwa matchona. Kungoti mtchona wakale sunkamuona ali online 11 koloko usiku.

Gaslighting ndi nkhani ina ndipo ndi yolemera. Mawuwa anachokera ku sewero la ku England la mu 1938 lotchedwa Gas Light, lolembedwa ndi Patrick Hamilton, momwe mwamuna amabisa zinthu m'nyumba nkumanena mkazi wake kuti wataya yekha, nyale za gasi zikumazilala usiku, mpaka mkaziyo kuyamba kukhulupirira kuti mutu wake sukugwira. Nde gaslighting ndi kumuchititsa munthu kukayika zomwe waona ndi maso ake. Mwaona meseji ya mkazi wina, iye nkufufuta, nkumati mwalota, mawa lake nkukauza abale anu kuti mwayamba misala, mpaka inuyo nkupepesa. A dikishonale ya Merriam-Webster anasankha mawuwa kukhala mawu a chaka cha 2022 ndipo kuyambira pamenepo aliyense akungowatchula, munthu akangokutsutsa pang'ono basi akuti gaslighting. Ine zimenezo sindigwirizana nazo chifukwa zikupeputsa nkhanza zenizeni zomwe amayi ena akukumana nazo m'mabanja. Bodza wamba ndi bodza. Za bwenzi lanulo, ngati anaonekera kwa amalume anu atumeni akafunse kwao, ngati sanaonekere bandulo yanu isamaleni.

FUNSO: Ndinaphunzitsa Chizungu ku pulayimale mpaka kupuma. Zidzukulu zanga zikabwera ku holide zikumayankhula mawu oti rizz, sus, no cap, brain rot, selfie. Ndatsegula dikishonale yanga ya ku koleji, mulibemo mmene iwo akunenera. Kodi ndani akumapeka mawu amenewa ndipo anamupatsa chilolezo ndani? Ife tinkakwapulidwa chifukwa cha Chizungu chothyoka. Mphunzitsi wopuma, Bembeke.

YANKHO: Aphunzitsi ulemu wanu, ndiyankha nditavula chipewa. Tiyambe ndi matanthauzo kuti zidzukuluzo zisamakunyengeni. Rizz ndi lilime lokoma pofunsira, luso lokopa mkazi kapena mwamuna, a dikishonale ya Oxford anawasankha kukhala mawu a chaka cha 2023 ndipo amati anadulidwa pakati pa charisma, mmene flu anadulidwira pakati pa influenza. Sus ndi suspicious wodulidwa, chinthu chokayikitsa. Cap ndi bodza nde no cap ndi kulumbira kuti sindikunama, zija ife timati zoonadi kapena pali Mulungu. Brain rot ndi kuola ubongo chifukwa chongokhalira kuonera timavidiyo topanda pake pa TikTok, awa a Oxford anawasankha mu 2024, koma mudabwa kuti si atsopano, analembedwa kale mu 1854 ndi Henry David Thoreau wa ku America podandaula kuti anthu akukonda maganizo opepuka. Madandaulo anu omwewa aphunzitsi, zaka zoposa 170 zapitazo. Selfie ndi chithunzi chodzijambula wekha, anaonekera koyamba pa intaneti ku Australia mu 2002, anthu akumeneko amakonda kufupikitsa mawu nkumalizira ndi -ie, nkudzakhala mawu a chaka mu 2013.

Za chilolezo, palibe amapereka. Chifalansa chili ndi bungwe la Académie française lomwe linayamba mu 1635 loyang'anira chiyankhulocho, ifenso tinali ndi Chichewa Board kuyambira 1972 nthawi ya Kamuzu, inu mukuikumbukira bwino kuposa ine, mpaka mu 1996 pomwe ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies. Chizungu chilibe bungwe lotere. Olemba madikishonale sagamula mlandu, amangomvetsera zomwe anthu akuyankhula ndi kulemba, mawu akakhalitsa nkuwalowetsa. Nchifukwa chake dikishonale yanu ya ku koleji ilibe selfie, si kuti ndi yolakwika, inangosindikizidwa mafoni a kamera kulibe.

Ndipo m'dikishonale yanu yomweyo muli mawu ambiri omwe anayamba ngati masewera. OK amene mumalemba ndi bolopeni yofiira m'makope a ana anaonekera m'nyuzipepala ya ku Boston mu 1839 ngati nthabwala, kufupikitsa oll korrect, kulemba all correct molakwitsa dala. Bwenzi mutamukwapula wolembayo. Smog ndi smoke kuphatikiza fog, brunch ndi breakfast kuphatikiza lunch, motel ndi motor kuphatikiza hotel, Brexit ndi Britain kuphatikiza exit. Mawu osokedwa chonchi amatchedwa blend kapena portmanteau, dzina lachiwirili anawapatsa ndi Lewis Carroll mu 1871 potengera chikwama chapaulendo chotseguka mbali ziwiri. Googol, nambala ya 1 wotsatidwa ndi maziro 100, anapeka ndi mwana wa zaka 9, mwana wa m'bale wake wa katswiri wa masamu Edward Kasner, ndipo ndi komwe kampani ya Google inatenga dzina. Mwana wa Sitandade 3 ameneyo.

Olo ife a Malawi tinaponyamo athu. Cashgate ya mu 2013 ija, ena amaganiza kuti ndi chifukwa choti ndalama zinkatulukira pa geti la ku Capital Hill, ayi ndithu. Watergate ndi dzina la nyumba zina ku Washington komwe anthu anathyola maofesi a chipani cha Democratic mu 1972, nkhani yake inakula mpaka pulezidenti Richard Nixon kutula pansi udindo mu 1974. Atolankhani anangodula -gate uja nkumamumata pa nkhani iliyonse yonunkha, nde ife tinamata pa cash, kenaka pa chimanga nkukhala Maizegate. Palibe anapempha chilolezo ku London. Ndipo tikamati kuflasha, kutchaja, kudilita, andibuloka, tabulokana, tikuchita zomwezo mbali yathu, tatenga mawu a eni tawaveka ku- ndi -ana mpaka eni akewo sangawazindikire.

Koma pena muli ndi mfundo aphunzitsi ndipo ndikuimirani kumbuyo. Vuto si mawuwo, vuto ndi mwana amene sakudziwa kuti awa ndi a pabwalo awa ndi a m'kalasi, zomwe mabuku amati register. Mwana wolemba u, coz ndi gud mu kompozishoni ya MSCE, kapena no cap m'kalata yofunsira ntchito, ameneyo nde wofunika kumukhazika pansi. Komanso mawu a slang ambiri sakhalitsa, goblin mode anapambana voti ya a Oxford mu 2022, lero ndani akuwatchula? Nde zidzukuluzo zisiyeni ziziyankhula rizz pa khonde, koma mawa lake muzipatse pepala zilembe kalata kwa ahedi, muone ngati zikutha kusintha giya. Zikalephera pamenepo bolopeni yofiira ija itulutseni.

FUNSO: Ndimayendetsa takisi. Ndinatenga azungu awiri pa Dedza kupita nawo ku Lilongwe, ndikuwauza kuti hotela yawo ili after the robots, anayamba kuseka nkumayang'ana pawindo. Ndinalakwa chani? Dalaivala wa pa Dedza boma.

YANKHO: Achimwene simunalakwe, kungoti Chizungu chimenecho ndi chathu cha kum'mwera kwa Africa kuno, ku Joni, ku Zimbabwe, ku Zambia ndi kuno timati maloboti. Kwao amati traffic lights, nde iwo amayembekezera kuona chidole chachitsulo chikuyenda pamsewu. Mawu akuti robot anatchuka ndi sewero la Karel Čapek wa ku Czechoslovakia la mu 1920, kuchokera ku robota, ntchito yokakamizidwa, thangata tingotero. Magetsi apamsewu atabwera ankatengedwa ngati wapolisi wamakina wolowa m'malo mwa wa trafiki, dzina nkukanirira. Ulendo wina muzingoti traffic lights, ndalama ya takisi ndi yomweyo.

FUNSO: Abwana anga kuntchito amandiseka ndikanena kuti borrow me your pen, komanso akuti ndimaika isn't it paliponse. Nanga si ndi question tag yomwe tinaphunzira? Kalaliki wa pa Kampepuza.

YANKHO: Akulu, za borrow nzachidule. Ife timati ndibwereke bolopeni ndipo zimatha, wopereka ndi wolandira onse ali mu kubwereka momwemo. Chizungu chinagawa, wotenga ndi borrow, wopereka ndi lend. Nde ndi lend me your pen kapena may I borrow your pen.

Isn't it nde tonse timadwala matenda amenewa chifukwa m'mutu mwathu muli eti ndi sichoncho, timawu tomwe timakwana pa chiganizo chilichonse. Wabwera eti, adya eti, mupita mawa eti. Question tag ya Chizungu siyotero, imasintha kutsatira mneni wothandizira ndi mwininkhani wa chiganizocho, ndipo chiganizo chikakhala chovomera tag imakana, chikakhala chokana tag imavomera. She has come, hasn't she? They didn't pay, did they? Pakakhala palibe mneni wothandizira mumabwereka do, he sells tomatoes, doesn't he? Pali tina tosamvera lamulo, I am late imatenga aren't I, let's go imatenga shall we, ndipo never, hardly ndi nobody amawerengedwa ngati kukana kale, nde ndi he never pays, does he? Abwana anuwo muwauze kuti ku London komwe achinyamata ambiri amamata innit pa chilichonse ngati eti wathu yemweyu, kungoti m'kalata ya kuofesi iwonso salemba.

Chomwe chingakupwetekeni kwenikweni si tag koma kayankhidwe kake. Munthu akakufunsani kuti simunatenge ndalamazo eti, inu mumati eee, kuvomereza kuti zoona sindinatenge. M'Chizungu yes ndi no satsatira wofunsayo, amatsatira zomwe zinachitika. Nde abwana akadzati you didn't take the money, did you, inu osatenga, yankho ndi no, I didn't. Mukangoti yes poganiza kuti mukugwirizana nawo, iwo amva kuti mwavomera kuti munatenga, ndipo pa kauntala ya ndalama pomwe mumakhalapo, pofika nthawi yoti mufotokoze kuti mumatanthauza eee wa Chichewa, makiyi a kabati akhala atakulandani kale.